Malo Atatu Amene Ndinawakana

Tabwerani kuno nonse. Mayamiko, tseka chikompyuta chakocho, sichithawa. Tadala, choka pakhomopo, wayima ngati wapolisi. Yamikani khala apa, mbali ino, osati uko, mwendo uwo ndi wa nyamakazi. Chete tsopano. Ndati chete.

Kuyambira mmawa ndakhala ndikukumvani mukukangana za kumene mukagone Loweruka. Uyu akuti kumene kuli dziwe losambira, uyu akuti kumene kuli mahatchi, uyu akuti bola kumene foni imagwira. Mukusankha malo ogona poyang'ana zithunzi. Chithunzi chingakuuzeni kumene mphepo imachokera? Khalani pansi ndikuuzeni mmene malo anasankhidwira pa ulendo woyamba, ndipo mudziwe kuti wosankha ndinali ine.

Chinali chaka chimene Tadala anabadwa. Kuno ku Lang'ata tinali tisanasamukireko, tinkakhala ku South B, mu Nairobi momwemuno, m'kanyumba kaja ka masitepe. Mayamiko iwe unali ndi zaka zisanu, mano akutsogolo ulibe, koma pakamwa posatseka ngati lero lomwe. Yamikani iwe kunalibe, usafunse kumene unali. Ine ndinali nditangofika kuchokera ku Dedza kudzathandiza mayi anu, Esinati, pa uchembere. Ndege ndinakwera ndekha, mphasa yanga ili m'manja. Mtsikana wa m'ndege anati, "Agogo, mphasa kumeneko ziliko." Ine ndinati, "Ziliko za eni ake."

Tsono kuti mumve nkhaniyi, muyambe mwamva za upongozi, chifukwa inu ana a masiku ano simuudziwa. Mumaona bambo anu akundiseka pa tebulo, akundilanda limoti, ndiye mumayesa zinali choncho kuyambira kale. Ayi. Kwathu mkamwini ndi mayi a mkazi wake sayang'anana m'maso. Agogo anu aamuna, malemu aja, akakumana ndi mayi anga panjira ya kudambo, ankapatuka n'kulowa m'tchire, kaya muli minga kaya muli chitedze, n'kunyonyomala momwemo atayang'ana uko, kuwomba m'manja. Mayi anga nawonso kupatukira mbali inayo. Ndiye uyu akulonjera chulu, uyu akuyankha mtengo wa msuku, moni watha. Musaseke, sichinali chidani. Ankakondana kwambiri anthu awiri aja. Akapha mbewa zonona, zoyamba zinkapita kwa apongozi. Koma kudya mbale imodzi, ayi. Kugona chipinda chimodzi, chimenecho ngakhale kuchilota unkadzuka n'kukasamba.

Bambo anu ndi munthu wa sukulu, wa tayi, wa ku bungwe lalikulu, koma analeredwa kumudzi ku Mchinji ndipo mwambowu anali nawo. Vuto linali nyumbayo. Nyumba za ku Nairobi zilibe kuseri, zilibe tchire lopatukira. Masitepe amodzi, kakhonde kamodzi. Ndiye tinapangana osalankhulana. Iwo akamatsika ankatsokomola, "ehe, ehem," ine n'kulowa kukhitchini. Ine ndikamakwera ndinkakoka patapata wanga, phwa, phwa, phwa, iwo n'kuthawira kubafa. Tsiku lina ndinaima pamasitepe kucheza ndi Mayamiko, n'kuiwala kuti munthu ali m'bafa. Anatuluka tiyi atazizira, ntchito atachedwa.

Mawu onse ankadzera kwa mayi anu. Bambo anu ali pabalaza, ine ndili pakhomo la khitchini, pakati pathu mtunda ngati apa ndi pa filiji apo.

"Make Mayamiko, tawafunsani amayi ngati adzuka bwino."

"Esinati, uwauze kuti ndadzuka, kaya iwo."

Mayi anu ali pakati, mwana ali kubere. "Mwamvana kaletu. Ine ndinenenso chiyani?"

"Nena basi."

Ndiye ankanena. Miyezi inayi tinakhala choncho, bwinobwino, popanda wodandaula.

Lachitatu lina madzulo Esinati anabwera kukhitchini. "Amayi, bambo a Mayamiko abwera ndi kampa. Loweruka tikupita kumapiri, tikagona kunkhalango."

Ine ndinamva kamba. Ndinakwiya. "Kamba wa paulendo amagula? Ine ndili pompano ndi manja awiri?"

"Si kamba, amayi, kampa. Galimoto. Tatulukani muone."

Ndinatuluka. Pageti panali chinthu chachikulu choyera, kutsogolo galimoto, kumbuyo nyumba, mawindo ake a makatani a maluwa, makwerero kumbuyo, pamwamba atamangapo katundu. Mzungu wina wa kuntchito kwawo anali atapita kwawo ku holide n'kuwabwereka. Ana a m'lainimo anali atachizungulira. Ndinati, "Iyi ndi nkhono. Yasenza nyumba yake." Dzina linakhala lomwelo.

Koma ndinafunsa. "Esinati, mwathamangitsidwa m'nyumba?"

"Ayi amayi, ndi zosangalala chabe."

"Kugona m'tchire?"

Ana inu, ine ndagona m'tchire kuposa nonsenu kuphatikiza bambo anu. Ndili mtsikana, chimanga chikakhwima tinkamanga msasa kumunda, mitengo inayi ndi udzu, kulondera nguluwe. Tinkagona ndi zitini zoti tiziimba zikabwera. Nthawi ya dzinja tinkalowa m'nkhalango ya Chongoni kukazula bowa, mvula ikatitsekereza kugona kuphanga. Nditakwatiwa, tinkatsika phiri wapansi mpaka ku Mtakataka, dengu la kachewere pamutu, kukasinthanitsa ndi usipa, masiku awiri panjira, nkhata itanyowa ndi thukuta. Tinkagona m'tchire chifukwa cha kusowa. Tsono awa, madzi a pampopi ali m'nyumba, magetsi ali m'nyumba, akufuna kukagona m'tchire chifukwa cha kukhuta. Ndinatsala pang'ono kunena kuti pitani nokha.

Esinati anatsitsa mawu. "Amayi, ulendowu ndi wanu. Anakumvani tsiku lija mukuuza Mayamiko kuti kuno kumanunkha utsi wa matatu, maminibasi a kunowa, mwasowa fungo la paini la ku Dedza. Akhala akufunsa anzawo mwezi wonse."

Mwamva? Munthu wosandilankhula, koma amandimvera kubafa. Ndikanakana bwanji? Kukana kukanakhala kuwamenya mbama pamaso pa mkazi wawo.

Lachinayi ndinakonza kamba weniweni. Ndinapita kumsika, kumene amayi ogulitsa ankanditchula kuti shosho, ndiye kuti agogo m'chinenero chawo. Ndinakazinga chimanga ndi mtedza, ndinaotcha mbatata, ndinaphika zitumbuwa. Inu lero mukamapita ulendo mumanyamula timapaketi todzaza mphepo, mukatsegula muli tinthu tinayi. Chimanga chokazinga ukatafuna dzanja limodzi n'kumwera madzi, umayenda mpaka dzuwa kulowa.

Lachisanu mayi anu anandilowetsa m'nkhono muja kuti ndione. "Onani amayi, sitovu ya gasi iyi. Kafiliji aka. Sinki. Tebulo ili mukalipinda limasanduka bedi. Bedi lina lili pamwamba apa."

Ine sitovu sindinaione. Ndinkafuna chitseko chachiwiri. Panalibe. Khoma la pakati, panalibe. Ngakhale kansalu kotchingira, panalibe. Chipinda chimodzi. Bedi ili apa, ili apa, ukatambasula dzanja wagwira phazi la mnzako. Ine Nachisale, mwana wa mayi aja opatukira m'tchire, ndigone chipinda chimodzi ndi mkamwini? Amve mkonono wanga? Andione mmawa mpango utagwa kumutu?

Mukuti bwanji osafunsa? Iwe Mayamiko, ufunse mwana wako wobereka wekha kuti, "Kodi amuna ako akagona pati?" Pakamwa pake ndi pati? Mawu amenewo satuluka. Ndiye ndinangopinda mphasa yanga n'kudziuza mumtima kuti: kumene tikagoneko pakhale kanyumba, kaya khitchini, kaya khola la mbuzi, poti ine ndikayale mphasa ndekha. Pakapanda, malo amenewo ndi oipa, ndipo tiziyenda mpaka tibwerere ku South B.

Loweruka tinanyamuka. M'tauni makondakitala a matatu ankamenya nkhono yathu m'nthiti n'kumakuwa, wina anandilozera pawindo n'kuchita sailuti. Titadutsa Limuru dziko linasintha. Minda ya tiyi, nkhungu, abulu akukoka ngolo, anthu atavala zipewa za ubweya ndi majombo, ana akugulitsa mapeyala m'mbali mwa msewu. Ndinatsegula windo. Mphepo ija inandimenya kumaso, ndinati iyi ndi ya kwathu, ya mwezi wa Juni. Ndikanalira, koma ndinali ndi ntchito.

Bambo anu anali ndi buku la malo ogona, ndi mapu, ndi pensulo kukhutu. Ankawerengera chiwongolero zimene akufuna. "Pakhale pathyathyathya, chifukwa filiji iyi pa chitsetse siigwira. Pakhale mpopi. Chimbudzi chabwino. Mpanda wa nyama. Posewerera mwana." Ine ndili kumbuyo, Tadala pamiyendo, ndikuti mumtima: werengani zanuzo, changa n'chimodzi.

Malo oyamba anali m'mbali mwa mtsinje. Kapinga wobiriwira ngati wopenta, azungu atavala makabudula m'chisanu chonsecho, miyendo itafiira. Bambo anu anaimika nkhono, anatsika, anayenda uku ndi uku akugwedeza mutu. Ine ndinaponya maso. Chimbudzi, mpopi, basi. Kanyumba palibe.

"Esinati, uwauze kuti pano ndi padambo."

"Bambo a Mayamiko, amayi akuti pano ndi padambo."

"Auzeni amayi kuti buku likuti malo ano ndi abwino kwa mabanja."

"Uwauze kuti bukulo silinagonepo pano. Ayang'ane nthambi izo. Zinyalala zakodwa m'mwambamo zinakwera zokha? Madzi amafika pamenepo. Komanso chisanu chimatsikira kuchigwa, mmawa mwanayu adzuka akutsokomola."

Kodi ndinkanama? Ayi. Zonsezo zinali zoona. Ndinkangotola zoona zondithandiza. Bambo anu anayang'ana zinyalala zija, anachotsa pensulo kukhutu, anakhwatcha m'buku. Tinakwera.

Malo achiwiri anali pamwamba, mkati mwenimweni mwa nkhalango. Msewu wake wa matope, nkhono ikupendama, mapoto akuimba okha m'kabati. Koma titafika, aaa. Mitengo ikuluikulu, anthu atatu ogwirana manja sangazungulire umodzi, nthambi zake zitalendewera ndevu zotuwa. M'mwamba muli anyani akuda a michira yoyera, atakhala phee ngati akuluakulu a mpingo. Pansi pathyathyathya. Mayamiko unali utatsika kale, ukuthamanga. Mayi anu anapuma mpweya wautali n'kunena kuti, "Pano ndiye pano." Ngakhale ine mtima unati pano.

Koma kanyumba kanali kamodzi kokha, ka malata, ka mlonda, mwini wake ali momwemo ndi wailesi.

"Esinati, itana mwana. Pano ndi pamanda."

"Amayi."

"Ndati pamanda. Mitengo yonseyi osadulapo ngakhale umodzi? Nkhuni zili mbwee pansi, wotola palibe? Kwathu msitu ukaoneka chonchi, eni ake ali pansi."

Mayi anu anafunsa mlonda uja m'Chiswahili. Anaseka mpaka kugwira mabondo. "Hapana, shosho, hakuna kaburi." Akuti manda palibe, ndi boma limaletsa kudula. Ine ndinati boma liletse anthu kutola nkhuni, anthuwo n'kumvera? Dziko lake liti? Koma ndinaona kuti manda anga akugwa, ndiye ndinakweza maso kufuna china, ndipo Mulungu anandikomera mtima. Pamwamba penipeni pa malo oimika galimoto panali chinthambi chouma, chachikulu ngati mtanda wa denga la tchalitchi, chitangotsamira pa chinzake.

"Uwauze ayang'ane kumwamba."

Anayang'ana nthawi yaitali. Anatseka buku. Mayamiko unalira kuyambira pamenepo mpaka kumsewu wa tala, ndinakutseka pakamwa ndi chitumbuwa.

Apa n'kuti dzuwa litapendeka. Ndinkaona khosi la bambo anu chakumbuyo, litauma gwa. Munthu wafunsa anzake mwezi wonse, wabwereka galimoto ya mzungu, ndipo nkhalamba ikungoti apa ayi, apa ayi. Manyazi ndinali nawo, musayese ndinalibe. Koma ndikayang'ana mabedi awiri aja, manyazi enawo ankaposa.

Malo achitatu anali pa famu, m'malire mwa nkhalango. Mwini wake mkulu wina wa majombo ndi chijasi chofika m'maondo. Anatsegula geti n'kuti, "Karibuni." Anationetsa waya wa magetsi wotchinga njovu, mpopi, chimbudzi chosesedwa bwino, mulu wa nkhuni, ng'ombe zake za mkaka. Ndipo kuseri kwa mpopi, ana inu, kanyumba ka matabwa, ka chitseko chake ndi loko. Mtima wanga unavina.

"Esinati, tawafunsa mkuluyo, muli chiyani umo?"

Anatsegula. Kachewere. Matumba kuyambira pansi mpaka kudenga, ngakhale mphaka sakanapeza pogona. Ine mlimi wa kachewere moyo wanga wonse, kachewere yemweyo n'kudzandilanda malo kudziko la eni.

Ndinayamba kufuna cholakwa. Ndinayang'ana kumwamba, nthambi youma palibe. Ndinayang'ana pansi, madzi ali ndi kolowera. Ndinanyowetsa chala, mphepo yatchingidwa ndi mzere wa mikungudza. Kum'mawa kuli poyera, dzuwa likatuluka lifikira pakhomo. Malo aja akanakhala mkazi, bwenzi nditamufunsira mwana wanga wamwamuna. Onse akundiyang'ana. Mkulu uja analoza dzuwa n'kunena kuti likalowa amatseka geti, chifukwa njovu zimayamba kuyenda mumsewu, ndiye tinene ngati tikugona kapena tikupita.

Ndinati, "Esinati, uwauze kuti dothi la pano lafiira kwambiri."

Mayi anu munawaonapo atakwiya, koma osati ngati tsiku limenelo. Sanakuwe. Anandilanda mphasa m'khwapa, anaiyala pa kapinga, anamasula Tadala kumsana n'kumugoneka pakati pake.

"Amayi, zakwana. Bambo a Mayamiko, nanunso zakwana. Ine si lamya yanu. Miyezi inayi, uwauze, auzeni, uwauze, auzeni. Ndatseka ofesi. Tiye Mayamiko tikaone ng'ombe."

Anapita. Mkulu wa majombo anaona kuti pano pali za m'banja, nayenso anatsatira ng'ombe zake.

Tinatsala atatu. Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa, nditayang'ana ku mikungudza. Bambo anu ataima pa galimoto, akuyang'anitsitsa tayala ngati alipeza ndi mlandu. Pakati pathu iwe Tadala, wa miyezi inayi, ukuyamwa chala cha kuphazi.

Ndinamva, "Ehe, ehem."

Patapata ndinalibe pokokera. Ndinangokhala.

"Tadala," anatero bambo anu. "Tawafunsa agogo ako, malo ano alakwa chiyani?"

Ndinayang'ana mwana. Mwana anandiyang'ana. Ndinati basi, lamya ina yapezeka.

"Tadala, uwauze bambo ako kuti malo ano sanalakwe."

"Tadala, nanga a kumtsinje aja?"

"Aja analakwa pang'ono."

"A mitengo aja?"

"Tadala, uwauze kuti nthambi ija inali yoona. Mandawo ndinachita kuwonjezera."

Anachotsa maso pa tayala. Kenako mawu awo anatsika, sanalinso mawu a munthu wa pensulo kukhutu. "Tadala, ndiye chavuta n'chiyani? Ine ndimangofuna agogo ako aone mapiri. Ngati ndawalakwira, anene, titembenuze galimoto tisanatsekeredwe."

Apo ndiye panalibenso kothawira. Ndikanati tiyeni kunyumba, munthu uja sakanadzandikonzeranso kanthu moyo wake wonse, ndipo sakanadziwa chifukwa. Ndinakonza thewera la mwana losafunika kukonza. Ndinachotsa kaudzu pa mphasa. Ndiye ndinati:

"Tadala, uwauze bambo ako kuti nkhono yawoyi ndi yokongola. Koma ili ndi chitseko chimodzi."

Ng'ombe inalira kutali. Kenako ndinamva kaphokoso, hi, hi, hi, ndinati kalanga ine, ndaliza mwamuna wa mwana wanga. Ndinaba diso. Anali atatsamiritsa chipumi pa galimoto, mapewa akugwedezeka. Kuseka. Anazungulira kumbuyo, anakwera makwerero aja, anamasula chingwe, n'kuponya pansi chithumba chobiriwira, phi, pafupi ndi mphasa.

"Tadala, uwauze agogo ako kuti bambo ako analeredwa ndi anthu. Iyi ndi tenti yanga. Ndinaigula Lachitatu lomwe lija. Ine ndigona panja, iwo ndi mayi ako m'galimoto."

Tsiku lonse, ana inu. Kumtsinje, kumanda kwanga kuja, msewu wonse wa matope, chithumba chija chinali pamwamba pa mutu wanga.

"Tadala, uwafunse, osanena bwanji?"

"Tadala, ndinauza mayi ako kuti awauze."

Mayi anu atabwerako ku ng'ombe anatipeza tonse awiri tikuwayang'ana. Koyamba ine ndi bambo anu kuyang'ana mbali imodzi. Anaona tenti, anagwira pakamwa. "Ndinaiwala. Musandiyang'ane choncho, ndili ndi khanda ine, dzina langa lomwe ndimachita kufunsa."

Tinauza mkulu uja atseke geti.

Tsono poimika tenti m'pamene ndinaonetsa kuti msasa ndi sukulu. Bambo anu ankafuna kuikhoma pansi pa mtengo. Ndinati, kudzera mwa Tadala, mame a mumtengo amadontha mpaka mmawa. Anasuntha. Khomo analozetsa kuphiri kuti aziona bwino. Ndinati mphepo imatsika kuphiri komweko, khomo liyang'ane kum'mawa. Anatembenuza. Mtunda ndinayeza ndekha ndi mapazi, patali poti ulemu ukwane, pafupi poti njovu ikabwera timve kukuwa. Ndinawakumbitsa kangalande kuzungulira. Pomaliza ndinapempha phulusa kwa mkazi wa mkulu uja, chidebe chodzaza, n'kuwaza kuzungulira tenti yonse, mzere wosaduka. Mayi anu anati n'chiyaninso chimenecho, mankhwala? Ndinati linthumbu. Nkhalango yonyowa chonchi siilephera linthumbu, ndipo linthumbu silidumpha phulusa. Mkamwini wanga asadyedwe ndili pompo.

Za usiku ndilibe nazo nkhani. Ndinagona pa bedi la tebulo lija, mphasa yanga nditayala pamwamba pa matilesi, n'kuliza mkonono wanga momasuka.

Mmawa ndinadzuka woyamba. Udzu utayera ndi chisanu, nkhungu ikukwera m'mitengo, fungo la paini ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Dedza weniweni, kungosowa mabelu a ku Bembeke. Bambo anu anatuluka m'tenti atavala majuzi atatu, mphuno ikuchucha, anakoleza moto n'kuteleka ketulo. Mayi anu anali m'galimoto akuyamwitsa, chitseko chotseka. Mayamiko uli m'tulo. Ine ndinayenda pang'ono, ndinakaima pa kapinga kuseri kwa tenti, kunja kwa phulusa langa lija, manja m'chiuno, kuyang'ana phiri ndi kudzitama mumtima kuti malo awa ndasankha ndine.

Mkulu wa majombo ankadutsa ndi chidebe cha mkaka. Anaima, analoza mapazi anga. "Shosho, siafu. Siafu."

Ine Chiswahili changa chinali cha kumsika. Ndinayesa ndi moni wa mmawa wa kumapiri. Ndinamwetulira n'kuyankha kuti, "Nzuri sana," ndiye kuti ndili bwino kwambiri.

Anaika chidebe pansi n'kuthamangira kunyumba kwake kukaitana mkazi wake. Ndinati anthu a kuno ndi aulemu bwanji.

Siafu ndi linthumbu. Ndinali nditaima pakati penipeni pa msewu wawo. Ndipo linthumbu, Yamikani, ndi lochenjera, silikuluma likamakwera. Limakwera mwakachetechete, m'miyendo, m'chitenje, m'kamisolo, mpaka lonse lifike, kenako ngati wina waliimbira wezulo, lonse pamodzi.

Ndinalumpha. Mwendo wa nyamakazi uwu unalumpha kuposa unzake. Ndinavina chimtali, ndinavina chitelele, ndinavina ndi magule amene sanayambe apekedwa. Mankhwala a linthumbu ndi amodzi okha, aliyense amawadziwa: kuvula, msangamsanga, n'kukutumula. Koma ndivule bwanji? Mkamwini ali apo, mapazi khumi, ketulo m'manja, maso ali tong'o. Ndinagwira mfundo ya chitenje n'kuimangitsa kwambiri. Ndinati bola lindidye.

Ndinawaona akufuna lamya. Anayang'ana ku galimoto, chitseko chotseka, mayi anu sakumva. Anayang'ana pamene panali mphasa dzulo, Tadala palibe. Anatsokomola, "ehe, ehem," ngati kutsokomola kungathandize munthu amene akudyedwa wamoyo.

Ndiye mawa mukamasankha malo anu pa kompyutapo, dziwe ndi mahatchi zili bwino, koma muyang'ane kumwamba, muyang'ane kumene madzi amapita, mufunsane poyera kuti aliyense agona pati, ndipo mukamaliza kudzitama muyang'ane pamene mwaponda. Ndipo mukamaona ine ndi bambo anu tikulimbirana limoti, mudziwe kuti zinayambira pa kapinga ameneyo. Chifukwa munthu uja, amene chikwatirire mwana wanga anali asanandiponyerepo liwu limodzi lolunjika kwa ine, anataya ketulo pansi, anatembenuka kundipatsa msana, anatseka maso ndi manja onse awiri, n'kukuwa mpaka anyani a m'nkhalango anayankha:

"Amayi, vulani nsaluyo, ine ndayang'ana kuphiri!"